Kalata yathu ikupita kwa yani? Mawu kwa alimi a ku Namwera



Ikafika nyengo yokolola, mavenda amapachika masikelo awo pansi pa mitengo kuchokera pa Namwera mpaka ku Chiponde, thumba la soya lodzadza n'kumapepuka tikuona. Tikapsa mtima timati tilembe kalata. Nzoona, tiyenera kulemba. Koma tisanagwire cholembera tiyambe tafunsana: tikulembera yani, ndipo iyeyo ali ndi mphamvu yochita chiyani?

Nkhani ya masikelo obera ndi ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe limayesa ndi kudinda masikelo, komanso ya khonsolo ya Mangochi yomwe imayang'anira misika. Phungu salanda sikelo. Iye timulembere za ndalama zomwe Nyumba ya Malamulo imapereka kuti ADMARC igulire mbewu zathu.

Apa mpamene nthawi imatipweteka. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, osatinso pa 1 Julaye monga tidazolowera. Aphungu amakambirana bajeti mu Febuluwale ndi Malichi, ife tili kalikiliki kumunda. Kalata yopempha ndalama za msika ikafika mu Meyi, chimanga chili kale pakhonde, ndiye kuti nkhaniyo idatha kale ku Lilongwe. Makalabu akhale pansi mu Disembala, ngakhale mvula ikugwa.

Nanga tilembe bwanji? Bwana DC amalandira mulu wa makalata, choncho tsamba limodzi ndi lokwanira. Titchule tsiku, msika, mbewu, mtengo womwe venda amagulira, ndi mtengo woyambira womwe Unduna wa Zamalimidwe udalengeza chaka chimenecho. Mawu akuti "tikuvutika kwambiri" aliyense amalemba, ndipo sapatsa wina aliyense chochita. Tinene chomwe tikufuna: abwere adzayese masikelo tsiku la msika. Tisatchule munthu kuti ndi wakuba popanda umboni, chifukwa mlandu ungatitembenukire. Tisainire ngati kalabu, kope lina tisunge, lina lipite kwa alangizi.

Kwa Mfumu Yaikulu Jalasi nkhani yomweyo siyenda choncho. Kumeneko timadzera kwa a Gulupu, kupita tokha, kukhala pansi ndi kufotokoza m'Chiyao mwaulemu. Pepala limangotsalira mlembi wa mfumu kuti nkhaniyo ikafike ku msonkhano wa ADC.