Namwino Asanaŵeruke

Ife a kuno ku Dedza timakudziŵa kudikirira odwala. Mwana akagonekedwa ndi malungo aakulu, kaya ku Mua kaya pachipatala cha boma, amabayidwa jakisoni wa artesunate: woyamba pofika, wachiŵiri patapita maola 12, wachitatu patapita maola 24. Tsono taonani, namwino wobaya woyamba m'maŵa, usiku amakhala ataŵeruka. Moyo wa mwanayo watsalira m'mawu amene wasiyira mnzake.

Tikupemphani anamwino athu, musasiyirane odwala muli chiimire pakhomo, chikwama chili m'manja. Pitani limodzi pabedi, tchulani dzina, mankhwala ndi ola, mulembenso. Wolandirayo abwereze zimene wamva. Nafenso odikirira, tikaona ola lapitirira, tisachite manyazi kufunsa mwaulemu kuti, "Anamwino, nanga jakisoni uja?"