Mawu a Mlendo Wolemekezeka Pokhazikitsa Komiti ya Asodzi



M'kalata imene munandiitanira, komiti tikukhazikitsa leroyi munailemba m'Chingerezi kuti steering committee. Ndikupempha kuti tiime kaye pa liwu loyambalo, chifukwa ntchito yonse ya anthu tawasankhawa yagona pamenepo.

Steer ndiko kuwongolera. Ambiri a ife liwuli tidalimvera pa galimoto, n'chifukwa chake madalaivala ena chiwongolero amachitcha siteringi. Komatu Angerezi adayamba kulitchula ali pamadzi, galimoto kulibe. Ngalawa zawo zakale ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu yomangirira chakumbuyo, kudzanja lamanja. Mpaka lero mbali yakumanja ya sitima amaitcha starboard, kutanthauza mbali yowongolerera, ndipo amene amayendetsa sitima ya Ilala panyanja yathu ino dzinali amalidziwa.

Tsono inu asodzi, nkhaniyi mukuidziwa kuposa ine. Wowongolera bwato amakhala kumbuyo. Mphamvu ndi ya opalasa. Iye amangoyang'ana kumene mukulowera, kutchera khutu ku mwera, n'kumakhotetsa pang'onopang'ono bwato lisanasochere. Ndiponso bwato loima siliwongoleka: opalasa akagwa mphwayi, wakumbuyo uja watha ntchito.

Inu a komiti, mukhale otero. Musalande anthu nkhafi zawo. Muzimvera eni mabwato ndi alovi, muzimveranso amayi amene amayanika usipa pathandala, pakuti bwatoli akuliyendetsa ndi iwowo. Chinthu chikayamba kukhota, chiwongoleni chikadali chaching'ono, osadikira kuti chifike pabwalo la mfumu.

Angerezi omwewo amatinso steer clear of, ndiko kulambalala chinthu patali, monga bwato lilambalala mwala wobisala m'madzi. Miyala yathu tikuidziwa: kusodza ndi masikito amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, kuponya khoka nyanja itatsekedwa pamene chambo chikuswana, ndi kulandira kangachepe kuti wolakwa mumutsinzinire. Imeneyi ndiyo miyala yoswa mabwato, ndipo bwato likasweka, womira si wakumbuyo yekha.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti komiti yathu yakhazikitsidwa. Khalani kumbuyoko, ife tipalase.