Pepala, Chidindo ndi Inki

Anthu ambiri m'dziko muno amachidziŵa chidindo ngati chipangizo cha mu ofesi. Kalata ya mfumu ikafika kwa DC yopanda chidindo, mwini wake amabwezedwa. Satifiketi ya sukulu, lisiti la msonkho ndi chikalata cha malo zimakhala ndi mphamvu pokhapokha zitadindidwa. Koma chidindo chili ndi ntchito inanso imene sitchulidwa kaŵirikaŵiri. Munthu waluso amadinda nacho chithunzi cha chambo, cha duŵa kapena cha mlambe pa pepala lopangidwa ndi manja, ndipo pepalalo limasanduka khadi la ukwati, enivelopu, chikuto cha buku kapena chizindikiro chomata pa botolo la uchi. Nkhani ya lero ikunena za luso limeneli. Ntchitoyi imakoma pokhapokha pepala, chidindo ndi inki zitagwirizana, ndipo chimodzi chikalakwika, ziŵiri zinazo zimapita pachabe.

Pepala lidayambira ku China. Mbiri ya kumeneko imanena kuti m'chaka cha 105, nduna ina ya ku nyumba ya mfumu, dzina lake Cai Lun, idaonetsa mfumu njira yopangira pepala kuchokera ku makungwa a mitengo, sanza, zingwe ndi maukonde otha ntchito. Lusoli lidafika ku Samarkand ndi ku Baghdad m'zaka za m'ma 700, ku Spain m'zaka za m'ma 1100, ndi ku Fabriano m'dziko la Italy m'zaka za m'ma 1200. Makina opangira mapepala adabwera mochedwa, pakuti Nicolas-Louis Robert wa ku France adalembetsa ake m'chaka cha 1799. Motero kwa zaka pafupifupi 1,700, pepala lililonse pa dziko lapansi lidavuulidwa m'madzi ndi manja a munthu, ndipo kuyambira pachiyambi lidapangidwa ndi zinthu zimene ena adataya.

Kuno ku Malaŵi manja a anthu si achilendo pa ntchito yotere. Makolo ankasenda khungwa la mombo ndi kulisula mpaka litasanduka chiwondo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chiwondo khungwa limangotambasuka lili lamphumphu, pamene pa pepala ulusi wa chomera umayamba walekanitsidwa, kenaka n'kulukananso mwatsopano m'madzi. Mu mzinda wa Blantyre, bungwe la Paper Making Education Trust, lodziŵika kuti PAMET, lidatchuka pophunzitsa anthu kubwezeretsa mapepala akale kuti akhale atsopano, ndiponso popanga makhadi ndi mapepala a nthochi, a khungwa la mlambe ndi a ndowe za njovu. Ndowe za njovu zimathandiza chifukwa nyamayi sigaya bwino chakudya, choncho udzu umatuluka uli wotafunika kale. Komabe m'malo osungirako nyama simotolamo kanthu popanda chilolezo, ndipo mlambe wosendedwa kaŵirikaŵiri umavulala. Munthu wa kumudzi ali ndi chuma chapafupi koposa, ndicho tsinde la nthochi limene limadulidwa ndi kutayidwa mkoko ukakololedwa.

Ntchito imayamba ndi phala. Makope odzaza ndi maenivelopu akale amang'ambidwa tizidutswa, naviikidwa m'madzi usiku wonse, m'maŵa n'kusinjidwa mu mtondo. Mtondowo ukhale wosiyana ndi wa chakudya, chifukwa mapepala olembedwa ali ndi inki. Nyuzipepala zimapereka pepala lotuŵa ndi lofooka. Ndiponso pepala likasinjidwa ulusi wake umafupika, ndipo likabwezeretsedwa kangapo limatha mphamvu. Apa m'pamene nthochi imathandiza, pakuti ulusi wake ndi wautali ndi wolimba. Tsinde limaduladulidwa, naliŵiritsa kwa maola aŵiri kapena atatu m'madzi a chidulo, chomwe chija amayi amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere. Chidulo chimasungunula zinthu zimene zimamata ulusi pamodzi mu chomera. Opanga mapepala a ku Japan akhala akugwiritsa ntchito madzi a phulusa pa chifukwa chomwechi. Zikafeŵa zimatsukidwa bwinobwino mpaka madzi atayera, kenaka zimasinjidwa ndi kusakanizidwa ndi phala la mapepala lija.

Chovuulira chimapangidwa ndi mafelemu aŵiri a matabwa, ofanana kukula. Pa imodzi pamakhomedwa waya wa sefa, ndipo inayo imakhala yopanda kanthu, ntchito yake n'kukhala pamwamba ngati mpanda wotsekereza phala. Masikito otetezera udzudzu asang'ambidwe chifukwa cha ntchitoyi. Malo ake ndi pogona. Mu beseni lalikulu mumathiridwa madzi ambiri ndi phala pang'ono, kotero kuti zioneke ngati madzi otsukira mpunga. Wina akafuna pepala losalala amathiramo madzi onanda a therere lobala, amene amaletsa ulusi kuundana ndipo amachedwetsa madzi kutsika pa sefa. Ku Japan amachita chimodzimodzi ndi mizu ya chomera chotchedwa tororo-aoi, chimene chili pachibale ndi therere. Wopangayo amaloŵetsa chovuulira m'madzi chopendekeka, nachivuula chili chowongoka, ndipo madzi akutsika amachigwedeza pang'ono uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti ulusi upingasane. Akachotsa felemu ya pamwamba amavundikira sefayo pa nsalu yonyowa, ndipo pepala limatsalira pa nsalupo. Mapepala amasanjikizidwa ndi nsalu pakati pake, napanikizidwa pakati pa matabwa aŵiri ndi miyala yolemera, kenaka amayanikidwa pamthunzi. Dzuŵa la mwezi wa October limaumitsa msanga kwambiri ndipo pepala limapindika. M'dzinja vuto ndi chuku, choncho pamafunika malo opita mphepo. Guluu safunika ayi. Madzi akamachoka, timaulusi timagwirana tokha.

Pepala lotere likauma limaoneka ngati latha, koma silinakonzeke kulandira chidindo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yawo. Pepala latsopano lili ndi ludzu. Inki ikalikhudza imathamanga m'timipata ta pakati pa ulusi monga momwe mafuta amayendera pa nsalu, ndipo chithunzi cha chambo chimasanduka banga. Amisiri a ku Fabriano adathetsa vutoli poviika mapepala m'madzi a guluu wochokera ku zikopa zoŵiritsa. Kuno mankhwala ake ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, losefedwa bwino. Limapakidwa mopyapyala, pepala n'kuumanso, kenaka n'kusitidwa ndi simbi yosatentha kwambiri, pamwamba patayalidwa nsalu. Muyeso wake umadziŵika ndi dontho limodzi la madzi. Dontho likazimirira pomwepo, pepala likadali ndi ludzu. Likakhalitsa pamwamba osaloŵa konse, phala lachuluka, ndipo inki idzachedwa kuuma, idzafufutika ndi chala, komanso mphemvu zidzakonda pepalalo. Likaima kanthaŵi kenaka n'kuloŵa pang'onopang'ono, pepala lakonzeka. Podinda pasankhidwe mbali yosalala, yomwe kaŵirikaŵiri ndi imene idagona pa thabwa pouma.

Chachiŵiri ndi chidindo. Zidindo zidalipo kalekale mphira isanadziŵike. Kwa Aashanti a ku Ghana, makamaka m'mudzi wa Ntonso pafupi ndi Kumasi, amisiri amasema zizindikiro zotchedwa adinkra pa zidutswa za chipanda, nadinda nsalu ndi utoto wakuda wophikidwa kuchokera ku khungwa la mtengo. Nsalu ina yotere imene Thomas Bowdich adaitenga ku Kumasi m'chaka cha 1817 idasungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. Mphira idachedwa kuloŵa m'ntchitoyi chifukwa yaiŵisi imanyata kukatentha ndipo imauma gwaa kukazizira. Charles Goodyear wa ku America adapeza kuti ikaphikidwa pamodzi ndi sulufule imakhazikika, ndipo adalembetsa njirayi m'chaka cha 1844. Pofika zaka za m'ma 1860 zidindo za mphira zidayamba kupangidwa ku America komweko. Mtengo wa mphira si wachilendo kwa anthu a ku Nkhata Bay, amene amaudziŵa pa esiteti ya Vizara.

Ubwino wa mphira ndi kufeŵa kwake. Pepala lopangidwa ndi manja lili ndi timapiri ndi timaenje tosaoneka bwino ndi maso. Chidindo cha mtengo kapena cha chitsulo chimangokhudza pa timapiri, koma cha mphira chikapanikizidwa chimafika ndi m'timaenje momwe. Wosema safunika kugula mphira yatsopano. Labala wofufutira pensulo, patapata wakutha ndi chubu chakale cha galimoto zonse zimasemeka ndi lezala kapena kampeni kakuthwa. Chithunzi chimajambulidwa pa mphirapo, ndipo mmisiri amachotsa malo onse amene safuna kuti aoneke. Chotsalacho ndicho chimadinda. Mizere ikhale yokhuthala, pakuti yaing'ono kwambiri imasoŵa pa pepala lokhakhala. Chofunika kukumbukira n'chakuti chidindo chimatembenuza zonse monga kalilole. Nsomba yoyang'ana kumanzere idzatuluka ikuyang'ana kumanja, ndipo mawu ayenera kusemedwa chobwerera m'mbuyo. Njira yosavuta ndiyo kulemba mawuwo pa pepala ndi pensulo yakuda kwambiri, kuvundikira pepalalo pa mphira ndi kulikhutiza ndi chikhadabo. Zilembo zimatsalira pa mphira zitatembenuka kale. Mphira yosemedwa imamatidwa pa kathabwa kosalala kuti dzanja lipanikize mofanana ponseponse. Ikatha ntchito itsukidwe ndi madzi. Palafini ndi mafuta zimaitupitsa, ndipo dzuŵa limaing'alula.

Chachitatu ndi inki, ndipo ilipo ya mitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi wa utoto wosungunuka m'madzi monga momwe tiyi amasungunukira. Inki yotere imaloŵa m'kati mwa pepala, imauma msanga, koma imayenderera pa pepala laludzu ndipo imasuluka padzuŵa. Inki yobiriŵira kapena yofiirira ya zidindo za m'maofesi kaŵirikaŵiri ndi ya mtundu umenewu. Ndi mmenenso ulili utoto wofiira wa chidede, wokongola tsiku loyamba koma wosakhalitsa. Mtundu wachiŵiri ndi wa fumbi losalala kwambiri limene silisungunuka, monga mwaye kapena dothi lofiira. Fumbili limakhala pamwamba pa pepala, choncho limafuna chomatira. Limachedwa kuuma, koma silisuluka. Anthu a ku China ankapanga inki yawo ndi mwaye ndi guluu, ndipo zolemba zawo za zaka mazanamazana zikadali zakuda. Munthu angathe kuchita chimodzimodzi poika mbale yachitsulo pamwamba pa laŵi la koloboyi, kupala mwaye wake ndi kuupera pamodzi ndi utomoni wosungunula wa mitengo ya mtundu wa mthethe. Utomoni ukachepa inki imafufutika, ukachuluka imanyezimira ndi kung'aluka. Pa pepala lopangidwa ndi manja inki ya mtundu wachiŵiriwu ndiyo imatulutsa mizere yakuthwa.

Kadindidwe kake kamafuna dzanja lodekha. Inki imapakidwa pa kansalu kokhuthala kapena siponji yopyapyala m'chivundikiro cha chitini. Chidindo chimagunditsidwa pamenepo mopepuka katatu kapena kanayi, osachimiza, chifukwa inki ikaloŵa m'maenje osemedwa chithunzi chimatsekeka. Pansi pa pepala payalidwe nyuzipepala zingapo kuti pakhale pofeŵa. Chidindo chitsike molunjika, chipanikizidwe kamodzi osachigwedeza, ndipo chinyamulidwenso molunjika.

Phindu la kusamala konseku limaoneka pa malonda. Mmisiri amene walandira oda ya makhadi 100 a ukwati, nadinda onse asanayese ngakhale limodzi, akhoza kudzuka m'maŵa n'kupeza maina a akwati atayenderera. Tsiku la ukwati silisuntha chifukwa cha iye. Ndalama amabweza, ndipo mbiri yake imamveka m'mudzi monse. Wanzeru amadinda khadi limodzi poyamba, naliyesa ndi chala chonyowa, lina naliika pa windo kwa sabata yathunthu kuti aone ngati utoto ukusuluka. Amalembanso m'kope muyeso wa phala, wa chinangwa ndi wa utomoni, kuti mapepala a mwezi wamaŵa afanane ndi a mwezi uno. Wogula, kaya ndi mlendo wodzaona nyanja ku Mangochi kaya ndi mpingo wofuna makhadi a Khirisimasi, amabweranso kwa munthu amene katundu wake sasintha.

Pali chenjezo limodzi kwa wodziŵa kusema. Dzanja lotha kusema chambo likhozanso kusema chidindo cha mfumu, cha sukulu kapena cha chipatala, ndipo sadzalephera kubwera munthu wopempha zotere mwamseri. Kutsanzira chidindo cha ofesi ndi mlandu wachinyengo pa malamulo a dziko lino, ndipo wosemayo amagwidwa pamodzi ndi womutuma.

Lusoli silifuna magetsi kapena mpamba waukulu. Beseni, mtondo, matabwa, sefa ndi lezala zimapezeka m'boma lililonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo makalabu a achinyamata, magulu a amayi ndi sukulu zingathe kugaŵana ntchito: ena kusinja, ena kuvuula, ena kusema ndi kudinda. Chimene limafuna ndi nthaŵi yoyesa, pakuti nthochi za ku Thyolo ndi madzi a ku Karonga sizingapereke pepala lofanana ndendende, ndipo mmisiri aliyense ayenera kupeza muyeso woyenera zipangizo za kwawo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba kumene asafulumire kugulitsa. Ayambe ndi mapepala khumi, chidindo chimodzi ndi inki ya mtundu umodzi, mpaka zitatuzo zitamvana.