Zinenero Ziwiri m'Kachisi Mmodzi

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mau athu a lero atitengera tsidya lija la nyanja yamchere, ku dziko la India. Kumwera kwa dzikolo kukhala mtundu wa Atamil, ndipo ochuluka a iwo ali a chipembedzo cha Ahindu. M'makachisi mwao mumveka zinenero ziwiri, Chisanskrit ndi Chitamil, ndipo mlandu wa izi ziwiri sunathe kufikira lero. Mlanduwo ndi uwu: munthu popemphera, kodi anene mau akale olemekezeka amene iye mwini sawamva, kapena mau amene anayamwira kwa amake? Tcherani khutu.

Choyamba, Chisanskrit. Dzinali litanthauza chinthu chokonzeka bwino. Ndicho chinenero cha mabuku anai opatulika otchedwa Veda. Ndipo loyamba la iwo, Rigveda, lili nazo nyimbo 1,028, zopekedwa zaka 3,000 zapitazo kapena kuposerapo. Mibadwo yambiri nyimbozi sizinalembedwe konse. Mphunzitsi ananena, mwana nabwereza, kufikira liu lililonse ndi kakwezedwe kake zitakhazikika mumtima. Pakuti iwo akhulupirira kuti mphamvu ya pemphero ili m'kamvekedwe kake, ndi kuti wophonya liu aononga nsembe. Pambuyo pake katswiri Panini anasanja chinenerocho m'malamulo ngati 4,000, ndipo chinaima nji, chosasinthika. Chifukwa chake wansembe wa kumpoto ndi wa kumwera, amene sangathe kumvana pamsika, amvana pa nsembe. Koma taonani mtengo wake. Chisanskrit sichinali chinenero cha pamtondo kapena cha kumunda, ndipo malamulo akale anakaniza anthu a mafuko onyozeka kuphunzira Veda. Ambiri anaima panja, namva phokoso lokha.

Chachiwiri, Chitamil. Ichi si mwana wa Chisanskrit iai, koma cha banja lina. Chili nalo buku lakelake lakale la malamulo, Tolkappiyam, ndi ndakatulo za zaka ngati 2,000. Kuyambira zaka za m'ma 500 kufikira za m'ma 800 kunauka oimba oyendayenda, namka ku kachisi ndi kachisi, naimbira milungu yao m'chinenero cha anthu. Opembedza Vishnu akumbuka oimba 12 otchedwa Alvar. Opembedza Shiva akumbuka oyera mtima ao 63 otchedwa Nayanar, ndipo mwa iwo Appar, Sambandar ndi Sundarar ndiwo eni nyimbo za Tevaram. Sanali onse a fuko la ansembe. Tiruppan Alvar anali wa fuko lonyozeka. Andal anali mkazi, ndipo ndime zake 30 za Tiruppavai ziimbidwa mbandakucha m'mwezi wa Margazhi, umene uyamba pakati pa Disembala. Iwowa sanaope kuitana mulungu wao mai, mwana, kapena bwenzi, ndipo mlimi anamva mau onse.

Chachitatu, kukomana kwao. Mukanayesa kuti chimodzi chikanapirikitsa chinzake, koma sikunatero. Mwambi wao uti nyimbo za Tevaram zinapezeka m'chipinda chotsekedwa ku Chidambaram, zolembedwa pa masamba a kanjedza, chiswe chitadya zambiri. Ndipo Nambi Andar Nambi anasonkhanitsa zotsalazo. Mfumu Rajaraja Chola, amene anatsiriza kachisi wamkulu wa ku Thanjavur m'chaka cha 1010, anaika oimba 48 oimba nyimbozo, nalembetsa maina ao pa mwala. Momwemonso Nathamuni anasonkhanitsa ndime 4,000 za Alvar. Ndipo Tiruvaymoli ya Nammalvar inatchedwa Veda ya Chitamil. Mphunzitsi Ramanuja wa ku Srirangam analemba mabuku ake m'Chisanskrit, koma otsata ake akhulupirira kuti akasupe a chiphunzitso ali awiri. Kufikira lero, potuluka chifanizo cha Vishnu kuzungulira mudzi, oimba Chitamil atsogola, ndi owerenga Veda atsata pambuyo. M'makachisi a Shiva wansembe anena Chisanskrit m'kati, atatero woimba wotchedwa oduvar akweza Tevaram pamaso pa anthu.

Chachinai, mkangano. Otsata Ramanuja anagawanika pawiri: a Vadakalai, olemekeza koposa Chisanskrit, ndi a Tenkalai, olemekeza koposa Chitamil, ndipo ku Kanchipuram akhala akutengana ku mabwalo a milandu zaka zoposa 100 pa za mau oyenera kuimbidwa. M'chaka cha 2020, pofuna kupatulanso kachisi wa ku Thanjavur, ena anati mwambo uchitike m'Chitamil chokha. Mlandu unafika ku bwalo lalikulu la Madras, ndipo pa 5 Febuluwale mwambowo unachitika m'zinenero zonse ziwiri. M'chaka cha 2021 boma la Tamil Nadu linakhazikitsa kuti m'makachisi ena akulu wopembedza akhoza kupempha wansembe amnenere pemphero lake m'Chitamil. Ena anakondwera, nati, Tsopano tikumva. Ena anadandaula, nati, Mwambo wa makolo uli kusweka. Musafulumire kuseka mmodzi wa iwo, pakuti yense ali kuopa kutaya chinthu cha mtengo wake.

Nanga ife titolepo chiyani? Mau osungidwa bwino koma osamveka asiya munthu wamba pakhomo. Mau omveka koma osasungidwa adyedwa ndi chiswe. Atamil anapulumutsa zonse ziwiri chifukwa panali anthu oloweza, anthu osonkhanitsa, ndi anthu osamala oimbawo kuti asagone ndi njala.

Aphunzitsi, inu mudziwa mwana amene abwereza phunziro losaphonya liu, koma mukamfunsa tanthauzo angoti kukamwa yasa. Musakhutire ndi kubwereza kotere. Mumasulireni m'mau a kwao kufikira nkhope yake itawala. Ndipo inu akulu, nyimbo ndi miyambi imene ili m'mitu mwanu musapite nayo kumanda. Itanani wodziwa kulemba nthawi ikalipo. Pomaliza, mukanena za chipembedzo cha anthu a mtundu wina, nenani zoona zokhazokha, ndi ulemu, monga mufuna kuti iwonso anene za inu.