Mbewa ya Khungu Lothina

Yakwana nthawi ya nkhani za chilengedwe, ndipo lero tikamba za mbewa. Ndikudziwa kuti ena a Kum'mawa kuno ku Zambia mwayamba kale kumeza malovu, poti chimanga takolola ndipo anyamata ali m'minda ndi makasu kutsata mauna a kapuku ndi phanya. Pepani abale, ya leroyi si ya ndiwo. Ndi mtundu wa kambewa ka m'nyumba, kamene asayansi amaweta m'malabotale.

Amene anagwirapo mbewa yamoyo akudziwa kuti mumaitsina pakhungu la kumbuyo kwa khosi. Khungulo ndi lotayirira, limanyamuka mosavuta, ndipo mbewa imalephera kutembenuka kuti ikulumeni. Tsono m'chaka cha 1967, ku Jackson Laboratory m'tauni ya Bar Harbor ku America, kunabadwa mbewa yokana kutsinika. Khungu la pamapewa linali lochindikala, lomatirira kuthupi. Anaisunga kuti iswane, ndipo anaona kuti vutoli likuyenda m'magazi: kholo limodzi likakhala nalo, pafupifupi theka la ana limatengera, koma mwana akalitenga kwa makolo onse awiri amafera m'mimba. Mayi Margaret Green ndi anzawo analemba za mbewayi mu 1976, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lakuti Tsk.

Mwina mukufunsa kuti zikutikhudza bwanji. Pali matenda a anthu otchedwa scleroderma, amene amagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Nthawi zambiri amayambira kuzala. M'mawa wa mu Juni, mayi akupisa manja m'madzi ozizira kuti achape, zala zimayererako, kenako zimabiriwira, ndipo magazi akamabwerera zimawawa kwambiri. Pakapita nthawi khungu la zala limauma, limanyezimira, moti munthu amalephera kufumbata. Kamwa limachepa, mbamu ya nsima imavuta kumeza, chilungulira sichichoka. Pakhungu lathu lakudali pamatuluka timawanga toyera. Choopsa zedi ndi pamene kuumako kwalowa m'mapapo. Matendawa sapatsirana, ndipo palibe amene walodza wodwalayo.

Chikuchitika m'thupimo n'chipsera chosadziwa kuleka. Mukadzicheka ndi mpeni, asilikali a m'thupi amathamangira pabalapo, n'kutumiza uthenga kwa maselo ena, omanga, kuti atulutse ulusi wolimba wotchedwa kolajeni. Bala likapola, uthengawo umatha. Mwa wodwala scleroderma uthengawo sutha. Zili ngati mmisiri amene mwamuitana kuti amate mng'alu umodzi pakhoma, iye n'kupitiriza kupaka simenti mpaka zenera ndi chitseko zatsekeka.

Koma ndani akumuuza kuti asaleke? Apa m'pamene mbewa yatithandiza, chifukwa pali zinthu zimene simungayese pa munthu. Vuto la mbewa ya Tsk linapezeka mu 1996: lili pa kachigawo ka DNA kopanga ulusi wina wotchedwa fibrillin. Mungaganize kuti ndiye asilikali alibe mlandu. Komatu ofufuza atatseka uthenga umodzi wa asilikaliwo, wotchedwa IL-4, khungu la mbewazo silinachindikale monga kale. Ena ku Japan anachotsa gulu la asilikali lotchedwa maselo a B m'timbewa tongobadwa kumene, ndipo khungu linafewerapo. Atachita zomwezo pa mbewa zikuluzikulu, matenda atakhazikika kale, sizinathandize. Mverani pamenepo, amayi ndi abambo: nthawi imene munthu wayamba kulandira thandizo ndi nkhani yaikulu.

Mu 1999 a Toshiyuki Yamamoto anapeza njira ina. Ankabaya mbewa zabwinobwino mankhwala a khansa otchedwa bleomycin pansi pa khungu, tsiku ndi tsiku kwa milungu inayi. Oyamba kuunjikana pamalopo anali asilikali, kuuma kwa khungu n'kubwera pambuyo. Umboni umene ine ndimauona wamphamvu kuposa wonse ndi wachitatu. Amatenga asilikali a m'thupi la mbewa ya mtundu wina n'kuwaika m'mbewa ya mtundu winanso. Alendowo amayamba kulimbana ndi thupi limene afikiramo, ndipo patangopita milungu yochepa khungu limauma. Akatseka uthenga wotchedwa TGF-beta, khungu limapulumuka.

Tisaitamande mopitirira mbewayi. Mapapo a Tsk sauma monga a munthu wodwala, m'malo mwake timatumba ta mpweya timakula n'kutayirira, ndipo mitsempha yake ya magazi siwonongeka monga ya m'zala za amayi aja. Mankhwala otchedwa imatinib anachita bwino pa mbewa, koma atawayesa pa anthu anakhumudwitsa. Komabe zina zapindula. America inavomereza nintedanib mu 2019 ndi tocilizumab mu 2021, onse othandiza kuti mapapo a odwalawa asamawonongeke msanga. Tocilizumab ntchito yake ndi kutseka uthenga wa asilikali wotchedwa IL-6. Mankhwalawa sachiritsa, ndipo mtengo wake si wa thumba la munthu wamba. Madokotala alinso ndi ena akale, otsikirapo mtengo, otontholetsa chitetezo cha m'thupi.

Musaganize kuti ndi matenda a kutsidya la nyanja. Mu 1957 Dokotala Erasmus wa ku South Africa analemba kuti scleroderma inali kupezeka mochuluka pakati pa amuna okumba golide pansi pa nthaka ku Witwatersrand. Ndi migodi yomwe ija azigogo athu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi kuno kwathu ankapitako kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela. Lero tikudziwa kuti fumbi la miyala ya silika likalowa m'mapapo limaputa asilikali a m'thupi, ndipo mwa anthu ena mkwiyowo sutha. Tsono inu amene mumagwira ntchito m'migodi kapena m'fumbi la miyala, chophimba pamphuno musachipachike pamsomali.

Pa 29 Juni dziko lonse limakumbukira odwala scleroderma, ndipo kuno imakhala nyengo ya chisanu. Zala zozizira zokha si matenda. Koma ngati zala zanu zimasintha mtundu kukazizira, khungu likuuma, kapena mpweya ukuperewera mukayenda pang'ono, fundani m'manja, siyani fodya, pitani kukiliniki yapafupi ndipo mupemphe kuti akuyezeni mokwanira, ngakhale kukutumizani ku University Teaching Hospital. Musadikire kuti zala zipindike.