Makaniko, woyimba, kenaka wotsogolera zisudzo: nkhani ya Schorsch Kamerun

Ena mwa inu mumayimba, ena mumachita zisudzo, ndipo nthawi zambiri mumauzidwa kuti musankhe chimodzi. Lero ndikuuzeni za munthu amene sanasankhe.

Dzina lake lapasiteji ndi Schorsch Kamerun. Musapusitsike nalo dzinalo: Kamerun ndi mmene Ajeremani amatchulira dziko la Cameroon, koma iyeyu ndi Mjeremani, wobadwa mu 1963 m'katauni ka m'mbali mwa nyanja kotchedwa Timmendorfer Strand. Ntchito yoyamba imene anaphunzira ndi yokonza magalimoto. Mu 1984 iye ndi anzake anayambitsa bandi ya Die Goldenen Zitronen ku Hamburg, iye ali woyimba. Ankayimba punk, mtundu wa rock waphokoso ndi wothamanga. Nyimbo zawo zoyambirira zinali zanthabwala, zongoti anthu aseke, alumphe.

Kenaka dziko linawasinthira nyimbo. Mu Ogasiti 1992, ku Rostock, gulu lodana ndi anthu obwera linayatsa nyumba imene munkakhala anthu ochokera ku Vietnam, khamu la anthu likuwomba m'manja. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Mölln, anthu atatu a banja lochokera ku Turkey anafa nyumba yawo itawotchedwa. Bandi ija sinakhale chete. Chimbale chawo cha 1994, Das bißchen Totschlag, chinadzudzula owotchawo, komanso aja ankati nkhaniyi ndi yaing'ono. Sikuti onse okonda nthabwala zija anasangalala nazo ayi. Bandi inapitirirabe.

Mu 2000 Kamerun anatsogolera sewero la Die Palette, lochokera m'buku la Hubert Fichte lonena za bala ina ya ku Hamburg. Kuchokera apo wagwira ntchito m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku Zürich, Munich ndi Berlin. Mu 2007 sewero lake lapawailesi linapata mphoto yotchuka ya Hörspielpreis der Kriegsblinden.

Tsono funso nali: munthu wa m'bandi anabweretsa chiyani kuzisudzo?

Choyamba, anadziwa kale omvera. Woyimba m'bala amaona pompopompo ngati anthu atopa. N'chifukwa chake masewero ake ambiri amakhala ngati konsati yoti oonerera aziyendamo, osati kungokhala pampando.

Chachiwiri, anazolowera kugwira ntchito pagulu. M'bandi, wang'oma akachedwa, nyimbo yonse yagwa. Mutu umodzi susenza denga. Iye amaika pasiteji akatswiri pamodzi ndi oyimba komanso anthu wamba a mumzindamo.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, anali ndi choti anene. Nkhani za tsankho ndi za anthu othawa kwawo zimene ankayimba ndi zomwezo zikubweranso m'masewero ake. Ndipo bandi sanaisiye. Chimbale china anatulutsa mu 2019.

Ndiye inu oyimba, musamaone anzanu azisudzo ngati akutali. Bwerani pomwe akukonzekera sewero, muwauze pamene layamba kugonetsa tulo. Inunso azisudzo, musamawaitane oyimba kudzangotseka mpata pamene mukusintha zovala. Akhale nanu kuyambira tsiku lolemba nkhani. Koma musanagwire gitala kapena kugawana mbali, khalani pansi mufunsane: kodi chikutiwawa n'chiyani m'dera lathu lino, chimene aliyense akuchiona koma palibe akuchitchula? Mukachipeza, muyambire pamenepo.