MAU A PA MSONKHANO: ZA KUPHUNZITSA ALANGIZI NDI A ZACIPATALA KUYANG'ANIRA NCHITO

Mafumu athu olemekezeka a kwa Chiseka, a kwa Chadza ndi a kwa Kalumbu, ndi inu abale a m'Bungwe, tikupemphani mutichere khutu.

Mnyamata akatsiriza maphunziro ku Bunda, sukulu imene iri pafupi ndi Mitundu ndipo inalowa m'dzina la LUANAR m'caka ca 2012, aturuka wodziwa nthaka, mbeu ndi nthenda za ng'ombe. Boma limtuma kumidzi, nagwira bwino. Popita zaka, cifukwa ca kugwira bwinoko, amkweza akhale woyang'anira alangizi anzace. Pamenepo khasu alisiya. Nchito yace isanduka kuwerenga ndalama, kusunga buku la nkhokwe, kugawa mafuta a njinga zamoto, kuweruza milandu ya anthu omposa msinkhu, ndi kulemba malipoti kwa a D.C. Izi anaziphunzira kuti? Comweco cicitikanso m'zipatala: wodziwa kubaya jekeseni apatsidwa makiyi a mankhwala onse. Ndipo ciyambire lamulo la maboma ang'ono la 1998, mitolo yambiri imene kale inamangidwa ku likulu igwera anthu amenewa.

Sukulu zilipo. Ya ku Mpemba ndi ya ku Kanengo zinaphatikizidwa ndi lamulo la 2022 kukhala Malawi School of Government. Koma ife titi, sing'anga sapatsa mankhwala asanafunse pamene papweteka. Taona ena atumidwa ku maphunziro amodzimodzi kawiri, wina wosatumidwa konse; ndipo pali ena, tinene motsitsa mau, amene atsata alawansi koposa nzeru.

Cifukwa cace tipempha kuti kufunsa kuyambe. Munthu afunsidwe yekha, mosamuopsa, cimene cimsautsa pa udindo wace, pakuti woopa kucotsedwa sabvomera kuti mawerengero amkanika. Mabuku ace aonedwe, ngati thumba lolembedwa lilidi m'nkhokwe. Mcitidwe wace ndi anthu, umene buku silinganene, muudziwa ndinu mafumu, amene mukhala naye pa misonkhano ya citukuko. Ndipo asiyanitse bwino: kusadziwa kucira ndi maphunziro, koma mlangizi wopanda njinga, ngakhale apite ku Mpemba katatu, sadzafika ku Dzalanyama.

Tipempha mfumu iri yonse idze ku msonkhano wa ku Nathenje ndi zimene anthu ace aona, zolembedwa popanda kuchula maina, kuti Mlembi azisonkhanitse ndi kuzipereka ku Khonsolo ya Lilongwe.